Musanafunse ngati ndi mwamuna kapena mkazi, funsani za mtima

Mayi woyembekezera akangogona pabedi la sikani, ife n'kupaka mafuta ozizira aja pamimba, funso loyamba timalidziwa lisanatuluke n'komwe pakamwa: "Adokotala, ndi mwamuna kapena mkazi?" Pena amafunsa ndi bambo amene aima chapakhomo, pena mayi yemwe monong'ona. Funsoli silolakwika. Aliyense amafuna kudziwiratu zovala zoti agule ndi dzina loti ayambe kulilingalira. Koma chichokereni ku koleji ya zaumoyo, pa zaka zonse zimene ndagwira ntchito ngati clinical officer, makolo amene anandifunsapo kuti, "Nanga mtima wake uli bwanji?" sakwana zala za dzanja limodzi.

Lero ndikukupemphani, inu makolo ndi inu mavolontiya a zaumoyo amene mumayendera amayi m'midzi, kuti funso limeneli lizikhala patsogolo. Sikani imodzi yojambulidwa pa nthawi yake, ndi munthu amene anaphunzira kuyang'ana mtima, ndi yaphindu kuposa masikani atatu ojambulidwa mimba itakula pongofuna kuona ngati kukubwera mnyamata. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kunena kuti, "Kuno kwathu opaleshoni ya mtima wa khanda njosowa, ndiye kudziwako kutithandiza chiyani?" Funso limenelo ndi lomveka ndipo ndiliyankha. Koma ndiyambe ndi chimene chandichititsa kulemba.

Chaka china, ndili pachipatala china chaboma, kunabwera mayi ndi khanda la masiku anayi. Mwanayo anabadwira pachipatala chaching'ono cha kwawo. Analira bwino, anayamwa, ndipo tsiku lotsatira anawatulutsa. Usiku wa tsiku lachitatu anayamba kukana bere ndi kupuma mofulumira. Pofika kwa ife lilime ndi nkhama zinali zitathimbirira. Tinamupatsa mpweya wa okosijeni koma nambala ya pamakina sinakwere, ndipo apo m'pamene tinaganizira mtima. Tinakonza zomutumiza ku chipatala chachikulu, koma anamwalira ambulansi isanafike kutali.

Nditatsegula buku la kuchipatala la mayiyo ndinapeza pepala la sikani litapindidwa bwinobwino. Analipira ndalama zake kuti ajambulidwe mimba ili ndi miyezi 8. Pepalalo linanena kuti mwana ndi mmodzi, mutu uli pansi, ndipo ndi wamwamuna. Za mtima panalibe liwu ngakhale limodzi. Sindikunena kuti sikani ikanamupulumutsa ndithu. Chimene ndikunena n'chakuti vutolo likanaoneka msanga, mwanayo akanabadwira pafupi ndi thandizo, sakanatulutsidwa tsiku lotsatira, ndipo mayi ake sakanathera usiku wonse akudikira kuti kuche apeze kabaza.

Mwana amaoneka bwino bwanji, mtima uli ndi vuto?

Mtima ndi chiwalo choyamba kugwira ntchito m'thupi la munthu. Umayamba kugunda patatha masabata atatu okha mimba itakhala, nthawi imene amayi ambiri angoyamba kudabwa kuti mwezi wawaphonya. Pofika masabata 10 kuwerengera kuchokera tsiku lomaliza kusamba, zipinda zake zinayi, titseko take ndi mitsempha ikuluikulu zimakhala zitapangika. Ngati china chalakwika pomangapo, chimalakwika pa nthawi imeneyi. Pa ana 100 alionse obadwa padziko lapansi, pafupifupi mmodzi amabadwa ndi vuto la kapangidwe ka mtima. Mavuto ambiri ndi aang'ono, koma pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi otere amafunika thandizo lalikulu asanathe chaka.

Chimene chimatipusitsa n'chakuti mwana ali m'mimba sapuma ndi mapapo. Okosijeni amaulandira kuchokera kwa mayi ake kudzera mu nsengwa ndi mchombo. Choncho thupi lake lili ndi njira zachidule zolambalala mapapo. Ina ndi kabowo kamene kali pakati pa zipinda ziwiri zam'mwamba za mtima. Ina ndi kamtsempha kakafupi kotchedwa ductus arteriosus, kamene kamalumikiza mtsempha wopita kumapapo ndi mtsempha waukulu wopita kuthupi lonse, wotchedwa aorta. Chifukwa cha njira zimenezi, mwana amene mitsempha yake inasemphana malo, kapena amene mbali imodzi ya mtima wake inakula moperewera, amatha kukula bwino, kutakataka bwino ndi kubadwa wonenepa.

Akabadwa n'kuyamba kupuma, njira zachidule zija sizifunikanso, ndipo kamtsempha kaja kamatsekeka kokha, kawirikawiri m'masiku awiri kapena atatu oyamba. Kwa mwana wa mtima wabwino zimenezi n'zoyenera. Kwa mwana amene moyo wake unkadalira kamtsempha kameneka, tsiku limene katsekeka ndi limene amayamba kuvutika. Nthawi imeneyo amakhala ali kale kumudzi.

Wojambula amayeza chiyani?

Azamba akamamvetsera pamimba ndi kachitoliro kaja, kapena ndi kamakina kam'manja kamene kamatulutsa kugunda kuti nonse mumve, amadziwa zinthu ziwiri: kuti mtima ukugunda, ndi liwiro lake. Ntchito imeneyi ndi yofunika kwambiri, koma khutu silingaone kapangidwe. Kuti tione timagwiritsa ntchito makina a ultrasound, amene ambirife timangowatcha sikani. Makinawa amatumiza m'mimba kaphokoso kapamwamba kwambiri kamene khutu la munthu silingamve. Kaphokosoko kakagunda chiwalo kamabwerera, ndipo kompyuta imasandutsa kubwererako kukhala chithunzi, monga momwe mleme umadziwira koyenda mumdima. Mulibe moto, mulibe cheza ngati cha X-ray. Dokotala Ian Donald wa ku Glasgow, m'dziko la Scotland, analemba za njirayi mu 1958, ndipo kuyambira nthawi imeneyo amayi ochuluka zedi padziko lonse ajambulidwa popanda umboni wakuti sikani yochitidwa moyenera imavulaza mwana.

Mimba ikafika masabata 20, mtima wonse wa mwana umakhala wa masentimita pafupifupi awiri m'lifupi, ngati nsonga ya chala chanu chachikulu. Mitsempha yotuluka mumtimamo imangoposa pang'ono kamtengo ka machesi. Kanthu kameneka kamagunda koposa kawiri pa sekondi iliyonse, mwini wake akutembenuka uku ndi uku. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiye musadabwe wojambula akakhala chete kwa mphindi zingapo, kapena akakuuzani kuti mukayendeyende panja mubwerenso.

Choyamba amaona malo. Mtima uyenera kukhala chakumanzere kwa chifuwa, nsonga yake italoza kumanzere, mbali imodzimodzi ndi chifu. Ukakankhidwira kumanja, pangakhale china m'chifuwa chimene chikuukankha.

Chachiwiri ndi kukula. Wojambula amazunguliza mzere kunja kwa mtima ndi mzere wina kunja kwa chifuwa, n'kuyerekeza. Mzere wa mtima uyenera kukhala pafupifupi theka la mzere wa chifuwa. Kunena mosavuta, mitima itatu ya mwanayo iyenera kukwana m'chifuwa mwake. Mtima ukadzaza theka la chifuwa kapena kuposa, ndi chizindikiro chakuti ukugwira ntchito yolemetsa, ndipo tiyenera kufufuza chifukwa chake.

Chachitatu ndi zipinda. Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri zam'mwamba zolandira magazi ndi ziwiri zam'munsi zopopa. Za kumanja ndi za kumanzere ziyenera kukhala zofanana kapena zosiyana pang'ono chabe. Amaona ngati khoma lapakati pa zipinda zam'munsi lili lathunthu, amayeza kuchindikala kwake, ndipo amaona ngati titseko tiwiri tapakati tikutseguka ndi kutseka bwino.

Chachinayi ndi mphamvu ya kapopedwe. Amaimitsa chithunzi pamene chipinda cham'munsi chadzaza magazi n'kuyeza m'lifupi mwake, kenako amayezanso pamene chafinya. Chipinda champhamvu chimachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Chikamachepa pang'ono chabe, mtima ukufooka. Amayang'ananso ngati pali madzi ozungulira mtima, m'chifuwa, m'mimba mwa mwana kapena pansi pa khungu, chifukwa mtima wolephera umachititsa mwana kutupa ali m'mimba momwemo.

Chachisanu ndi liwiro ndi ndondomeko ya kagundidwe. Mtima wa mwana wosabadwa umagunda pakati pa ka 110 ndi ka 160 pa mphindi, pafupifupi kuwirikiza kawiri wa mayi ake. Kudumpha kamodzikamodzi n'kofala ndipo nthawi zambiri kumatha kokha. Chodetsa nkhawa ndi kugunda kopitirira ka 200 kosalekeza, kapena kotsika kufika cha m'ma 60.

Chomaliza, chimene chimafuna luso kwambiri, ndi mitsempha iwiri yotuluka mumtima. Wopita kumapapo uyenera kuchokera m'chipinda cha kumanja, aorta m'chipinda cha kumanzere, ndipo iyenera kupingasana potuluka. Ikamayenda mogundizana ngati njanji za sitima, ndiye kuti yasemphana malo. Vuto limeneli limatha kubisala ngakhale zipinda zinayi zikuoneka bwinobwino, choncho wojambula amene wangowerenga zipinda n'kusiya ntchito yake sanaimalize. Apa amathandizidwa ndi njira ya Doppler, imene imaonetsa kumene magazi akulowera ndi liwiro lake. Mukaona mitundu yofiira ndi yabuluu pasikirini musachite mantha. Sikutanthauza magazi abwino ndi oipa. Ukungosonyeza magazi amene akubwera chakumakina ndi amene akuchoka.

Nthawi yake ndi masabata 18 mpaka 22

Mukabwera msanga kwambiri, mtima umakhala waung'ono moti zambiri sizioneka ndi makina wamba. Mukabwera mochedwa, nthiti ndi msana wa mwana zimakhala zitalimba ndipo zimaponya mthunzi pa mtima, komanso mwana amakhala wothinana moti satembenuka kuti tione mbali ina. Nthawi yabwino ndi pakati pa masabata 18 ndi 22, chakumapeto kwa mwezi wachinayi ndi m'mwezi wachisanu. Sikani ya miyezi 8 ili ndi ntchito yake, monga kuona momwe mwana wagonera, kukula kwake ndi malo a nsengwa, koma pa nkhani ya mtima imakhala yachedwa.

Mu 2016 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti mayi aliyense woyembekezera azionana ndi achipatala kasanu ndi katatu, ndipo ajambulidwe kamodzi mimba isanakwane masabata 24. Cholinga chake n'kudziwa msinkhu weniweni wa mimba, kudziwa ngati ndi mapasa, ndi kupeza zilema msanga. Koma kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16 anapeza kuti mayi mmodzi yekha mwa anayi ndi amene anayamba sikelo m'miyezi itatu yoyamba.

Zifukwa zake tonse timazidziwa. Mimba saiulula msanga, anthu angaichite chipongwe. Kuchipatala n'kutali. Bambo sanapeze mpata woperekeza. Mtsikana akuopa makolo kapena aphunzitsi. Sindikunyoza mantha amenewa. Koma kuyamba sikelo si kulengeza kumudzi. Azamba ali ndi lamulo losunga chinsinsi, ndipo mayi amene wayamba sikelo pa miyezi 6 wataya kale mwayi umene sudzabweranso pa mimba imeneyo.

Nanga kudziwako kuthandiza chiyani?

Tibwerere ku funso lija. N'zoona kuti kwa zaka zambiri ana ofunika opaleshoni yaikulu ya mtima akhala akutumizidwa kunja, makamaka ku India, ndipo mzere wa odikira ndi wautali. N'zoonanso kuti pali mavuto ena amene ngakhale m'maiko olemera mwana sapulumuka nawo. Anzanga ena a ntchito amanena kuti kumuuza mayi nkhani yotere kudakali miyezi inayi n'kumusenzetsa katundu amene sitingamutule. Maganizo amenewa ndimawamvetsa, koma sindigwirizana nawo, pa zifukwa zinayi.

Choyamba, si vuto lililonse looneka pa mtima wa mwana limene limafuna mpeni. Nthawi zina mtima umangotiuza za matenda amene ali mwa mayi. Chindoko chimalowa kwa mwana kudzera mu nsengwa, n'kumuchepetsa magazi ndi kumutupitsa, ndipo mankhwala ake ndi jakisoni wa penisilini amene ali m'ndondomeko ya sikelo m'dziko muno. Shuga wokwera mwa mayi amachindikalitsa khoma lapakati pa mtima wa mwana m'miyezi yomaliza. Shuga akatsitsidwa vutoli limachepa, ndipo nthawi zambiri limatha lokha patapita miyezi ingapo mwana atabadwa. Mankhwala opha ululu monga bufeni, indosidi ndi diclofenac, amene ambiri amangogula msana ukawawa, amatha kufinya kamtsempha ka ductus kaja mwana asanabadwe, makamaka m'miyezi itatu yomaliza, ndipo mbali ya kumanja ya mtima imavutika. Mayi akasiya kumwa, kamtsemphako kawirikawiri kamatsegukanso. Pa zonsezi sipafunika ndege.

Chachiwiri, mtima wa mwana ukamathamanga mopitirira muyeso kwa masiku ambiri umatopa ndipo mwana amatha kufera m'mimba. Koma vutoli limachizika mwana asanabadwe. Madokotala amapatsa mayi mankhwala monga digoxin, amene amadutsa mu nsengwa n'kukafika kwa mwana. Izi zimachitika moyang'aniridwa ndi akatswiri, chifukwa mtima wa mayi nawo uyenera kuyezedwa. Mwana amene wathandizidwa motere amatha kubadwa ndi kukula ngati wina aliyense.

Chachitatu ndi malo obadwira. Mwana amene tikudziwa kuti ali ndi vuto lalikulu sayenera kubadwira pachipatala chaching'ono, ndiye kunyumba n'kosanena. Mayi ake ayenera kukadikirira pafupi ndi chipatala chachikulu, kaya Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Mzuzu Central kapena Zomba Central, kumene kuli madokotala a ana ndi chipinda cha makanda odwala. Kumeneko mwana amayang'aniridwa kuyambira ola loyamba, ndipo madokotala amaganizira msanga za mankhwala ndi zomulembetsa kuti akaonedwe ndi akatswiri a mtima. Mwana wodziwika kale amayamba ulendo umenewu ali ndi mphamvu. Wosadziwika amauyamba atakomoka.

Chachinayi ndi mtendere wa banja. Khanda likamwalira mwadzidzidzi patatha masiku anayi, pamudzi pamayamba kulozana zala. Ena amati mdulo, bambo anayenda njira. Ena amati mayi sanasunge mwambo. Ena amaloza gogo wa nyumba yoyandikana. Ndaonapo mabanja akupasuka chifukwa cha kamtsempha kamene kanapangika molakwika mayi asanadziwe n'komwe kuti ali ndi pakati. Ana ambiri obadwa ndi vuto la mtima amabadwa kwa makolo athanzi amene sanalakwitse kalikonse. Banja limene lamva zimenezi kuchipatala, bambo ndi apongozi ali pomwepo, limalira limodzi m'malo modana.

Ndipo musaiwale kuti nkhani imene imatuluka m'chipinda cha sikani nthawi zambiri ndi yabwino. Ngakhale pakapezeka kanthu, kawirikawiri kamakhala kakang'ono. Timabowo tambiri tating'ono tapakhoma la mtima timatsekeka tokha mwana akamakula. Kadontho kowala kamene nthawi zina kamaoneka m'chipinda cha kumanzere, kakakhala kokha popanda china, sikasokoneza kagwiridwe ntchito ka mtima.

Sikani ili ndi malire

Ndingakhale wabodza nditakuuzani kuti sikani imaona zonse. Ngakhale m'manja mwa katswiri, mavuto ena amaphonyeka. Kuchepa kwa njira ya aorta n'kovuta kukuona mwana asanabadwe. Kabowo kapakati pa zipinda zam'mwamba ndi kamtsempha ka ductus n'zoyenera kukhala zotseguka mwa mwana aliyense wosabadwa, choncho palibe angadziwiretu kuti mwa uyu sizidzatsekeka. Kagonedwe ka mwana, kuchepa kwa madzi, kunenepa kwa mayi ndi ukalamba wa makina, zonsezi zimachepetsa zimene diso lingaone.

Komanso sikani si imodzi. Timakina tam'manja timene tayamba kupezeka m'zipatala zina zing'onozing'ono timathandiza kwambiri podziwa msinkhu wa mimba, mapasa, kagonedwe ka mwana ndi malo a nsengwa. Koma mzamba amene anaphunzitsidwa zimenezi sanaphunzitsidwe kuyeza mtima, ndipo si mlandu wake. Kuyeza mtima mozama, kumene madokotala amakutcha fetal echocardiography, kumatha kutenga theka la ola kapena kuposa ndipo kumafuna makina abwino ndi munthu amene wazolowera ntchitoyi. Anthu otere m'dziko muno ndi ochepa.

Apa ndiye ndikuyang'ana ife azaumoyo ndi akuluakulu amene amakonza maphunziro athu. Sizingatheke kuti mayi aliyense aonedwe ndi katswiri wa mtima. Koma n'zotheka kuti aliyense amene amagwira makina a sikani pachipatala cha boma, cha mishoni kapena cholipira aphunzire kupeza zipinda zinayi ndi mitsempha iwiri yotuluka, azilemba papepala kuti waziona kapena sanazione, ndipo azidziwa kotumiza mayi akakayikira. Amene amalandira ndalama ya mayi n'kumupatsa pepala longonena kuti mwana ndi wamwamuna wamugulitsa chitonthozo chopanda maziko.

Amayi ofunika kuonedwa mwapadera

Mavolontiya, pamene mukulemba amayi oyembekezera m'dera lanu, pali ena oyenera kuwaikira chizindikiro ndi kuwakumbutsa kuti akanene mbiri yawo kwa azamba pa ulendo woyamba. Ndi mayi amene anali kale ndi matenda a shuga asanatenge pakati. Ndi amene anaberekapo mwana wa vuto la mtima, kapena amene iye mwini kapena bambo wa mwanayo anabadwa nalo. Ndi amene anatuluka totupa tofiira pathupi limodzi ndi kutentha thupi m'miyezi yoyamba, chifukwa matenda a rubella, ofanana ndi chikuku, amawononga mtima, maso ndi makutu a mwana wosabadwa. Ndi amene amamwa mankhwala a khunyu, koma muwachenjeze kuti asasiye okha mankhwalawo, chifukwa kugwa n'koopsa kwa mayi ndi mwana yemwe. Apite akakambirane ndi dokotala, makamaka asanatenge pakati. Ndi amene ali ndi matenda a lupus. Ndi amene ali ndi mapasa a nsengwa imodzi. Ndiponso aliyense amene azamba amva kuti mtima wa mwana wake ukugunda modumphadumpha, mothamanga kwambiri kapena mochedwa kwambiri.

Pali zimene tingapewe zisanachitike. Kuyambira 2017 katemera wa chikuku amene ana athu amalandira amatetezanso ku rubella, choncho mtsikana amene mukumutengera ku sikelo lero mukutetezanso mwana amene adzabereke. Mayi wa shuga atsitse shuga wake asanatenge pakati, chifukwa mtima umamangidwa m'masabata oyamba. Mowa ausiye. Ayezetse chindoko pa ulendo woyamba pamodzi ndi mwamuna wake. Ndipo asamwe mankhwala alionse, kaya a m'golosale kaya azitsamba, asanafunse kuchipatala.

Mwana akabadwa, maso asachoke

Popeza sikani imatha kuphonya, sabata yoyamba ya mwana ndi yanu, inu amene mumafika pakhomo. Musangofunsa kuti, "Mwana ali bwanji?" n'kulandira yankho muli panja. Lowani, mumuvundukule, muwerenge kapumidwe kwa mphindi yathunthu ali phee. Kupuma ka 60 kapena kuposa pa mphindi n'chizindikiro choopsa, chimodzimodzinso chifuwa cholowa mkati. Pakhungu lathu kuthimbirira sikuoneka msanga, choncho yang'anani lilime, nkhama ndi mkati mwa milomo pamalo owala. Funsani za kayamwidwe. Mwana amene amayamwa pang'ono n'kusiya, akupuma mwawefuwefu ndi kutuluka thukuta pamutu, akutiuza kuti mtima ukutopa. Mwana wozizira, wofooka kapena wokaniratu bere asagone pakhomo kudikira kuti kuche.

Kuchipatala kuli kachipangizo kakang'ono koyezera okosijeni m'magazi, kamene ambiri munakadziwa nthawi ya Covid-19. Kakamangidwa kudzanja lamanja ndi kuphazi la khanda patatha tsiku limodzi libadwire, kamatha kuulula vuto la mtima limene maso sanalione. Nambala ya 95 kapena kuposa ndi yabwino. Yochepera 90 ndi yofunika thandizo nthawi yomweyo. Kuyezaku sikutenga mphindi zisanu ndipo sikupweteka. Pamene kachipangizoka kalipo, pemphani kuti mwana ayezedwe musanatuluke.

Mafunso oti mupite nawo

Safunsa anadya phula. Mukalowa m'chipinda cha sikani, muli ndi ufulu wofunsa, ndipo wojambula wabwino sakwiya. Funsani kuti mimba ili ndi masabata angati. Funsani kuti mtima ukugunda kangati pa mphindi. Funsani ngati zipinda zonse zinayi zaoneka, komanso mitsempha iwiri yotuluka. Funsani ngati mtima uli wa kukula koyenera chifuwa chake. Akakuuzani kuti lero sizinaoneke bwino, musakhumudwe, munthu ameneyo wanena zoona. Funsani tsiku loti mubwerenso kapena kumene mungapite. Ndipo pemphani kuti mayankhowo alembedwe m'buku lanu la kuchipatala, kuti mzamba amene adzakulandireni usiku wa matenda adzawaone.

Abambo, mukaperekeza mayi musatsale pansi pa mtengo ndi njinga. Lowani, chifukwa pakapezeka vuto, za ulendo wa ku chipatala chachikulu, ndalama ya thiransipoti ndi amene atsale ndi ana zidzafuna inu. Apongozi ndi anankungwi, mukazindikira kuti mwana wanu waima, mawu oyamba akhale akuti apite kusikelo mwezi womwewo.

Mayi uja wa khanda la masiku anayi anachita zonse zimene ankadziwa. Anapita kusikelo, anasunga ndalama ya sikani, anaberekera kuchipatala. Chimene palibe anamuuza ndi mwezi woyenera kujambulitsa ndi funso loyenera kufunsa. Inu mwauzidwa. Ngati pali mayi wa miyezi itatu kapena inayi pakhomo panu kapena m'kaundula wanu, muwerengere masabata ake lero, mulembe tsiku limene akwanitse masabata 20, ndipo mufufuziretu chipatala chapafupi chimene chili ndi makina. Akakagona pabedi lija ayambe ndi za mtima. Zakuti ndi mwamuna kapena mkazi afunse pomaliza, tidzamuuza ndithu.